Namakoswe ndi Tochi Yake

Namakoswe wagwira zaka khumi ndi zinayi m'chipinda chapansi cha nyumba yofufuzira mankhwala: kutsuka timakola ta makoswe oyera, kuwathirira madzi, kuwola manyi. Dzina lake lenileni palibe bwana analifunsapo.

Kumeneko makoswe amawabaya skopolamini, mankhwala otseka tinjira ta uthenga m'mitsempha. Khoswe wobayidwa amaiwala njira ya kuchakudya m'bokosi lokhotakhota, kukamwa kumauma, mwanadiso n'kukula. Kenako amayesa mankhwala ena, kuti aone ngati nzeru zibwerere. Akuti n'zothandiza okalamba oiwalaiwala. Chabwino, sitikana.

Koma tamvani zamanyazi izi. Lachiwiri m'mawa, wophunzira wina, mphwake wa bwana, anabaya theka la makoswe, foni ili kukhutu, osamata zikwangwani pamakola. Bwana pofika, obayidwa ndi osabayidwa sakudziwika.

“Ndi mayiwa, amalume,” anatero wophunzirayo. “Asokoneza potsuka.”

Bodza la masanasana! Koma khoswe wa pamkhate sapheka, paja.

“Mayi, siyani makiyi patebulopo,” anatero bwana, osamuyang'ana n'komwe.

Makiyi amene amadyetsa ana atatu!  Namakoswe anaponya makiyiwo, mbwee, n'kutulutsa tochi m'thumba la epuloni.

“Ndipita, bwana, koma tifunse kaye eni ake. Zimitsani getsilo.”

Ananyamula khoswe woyamba, n'kumuunika m'maso. Mwanadiso anafota ngati kansonga ka singano. “Uyu sanabayidwe.” Wachiwiri, mwanadiso tong'oo, osasuntha. “Uyu walawa jakisoni.” Anapita choncho mpaka onse anatha, khumi ndi awiri uku, khumi ndi awiri uko.

Kenako anatembenukira kwa wophunzira uja. “Tsono achimwene, tapisani m'thumba la jeketelo. Chikutuzuka n'chiyani?”

Zikwangwani zonse zinali mmenemo, ndi manambala a pamichira ya makoswe obayidwa. Bwana anafananiza mmodzimmodzi. Sipanaphonyeke ngakhale mmodzi.

Mukuganiza anapepesa? Aaa, inu! Anangokankha makiyi ndi chala chimodzi, ngati akukankha mphemvu yakufa. “Pitirizani ntchito.”

Namakoswe anatola makiyi ake, n'kuloza tochi kumaso kwa bwana.

“Mukutani, mayi?”

“Ndikuona ngati nanunso akubayani. Mawu oti pepani mwaiwala njira yake.”

Mpaka lero akadali pantchito. Pepaniyo sanabwere, koma makola onse amamata yekha zikwangwani, ndipo wophunzira uja akamva tochi ikuti thekete, amatulukira khomo lakuseri.