Maliro Amene Anandibisira Chifukwa cha Mayeso

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 8, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, makolo anga atanditumiza kukakhala ndi azakhali anga, aNagama, ku Mlangeni. Kwathu ndi ku Kasinje, kuchigwa kumene timalima mpunga, ndipo bambo anati ndikakhala kumeneko ndizingothera nthawi kuingitsa mbalame m'munda m'malo mowerenga. Amayi anali atayamba kale kudwaladwala. Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu, akupumira m'njira, kenaka anandimanga juzi yawo m'chiuno.

"Kumtunda kumazizira, Enelesi," anatero. "Usakachite manyazi kuvala ya nkhalamba."

Ku Mlangeni kunkaziziradi, koma pakhomo pa azakhali panali posangalatsa. Anali munthu wolongolola, wanthabwala, mlimi wa kachewere ndi kabichi. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankandipatsa foni yawo kuti ndilankhule ndi amayi. Mawu a amayi ankanka nachepa mphamvu, koma sankalephera kundifunsa ngati masamu ayamba kundimvera.

Mayeso atayandikira, foni ija inalira m'mawa wina azakhali akutsuka mbale. Anaitenga ndi manja onyowa n'kukayankhira kuseri kwa nkhokwe. Pobwera anati akupita ku Ntcheu, kumsonkhano wa amayi a mpingo, ndipo akagona komweko. Anabwerako patapita masiku angapo, mawu atasasa.

"Nyimbo zinachuluka," anatero, osandiyang'ana.

Kuyambira pamenepo pakhomo panasintha. Anandiletsa kupita kumjigo. M'mawa ankandikazingira dzira, chinthu chimene tinkachiona pa Khirisimasi pokha. Amayi oyandikana nafe akandipatsa moni ankagwira dzanja langa ndi manja awiri osafuna kulisiya. Ndikadutsa pamene akucheza, macheza ankatha. Lamlungu litafika ndinapempha foni, koma azakhali anati ya amayi inagwera m'ngalande ya kumunda. M'malo mwake azakhaliwo anaimbira bambo n'kundipatsa foni. Iwo anangoti, "Kuno tili bwino, mwana wanga. Iwe werenga," n'kudula.

Sindinaganize za imfa. Mutu wanga unkakana kufika kumeneko. Koma thupi langa linayamba zachilendo. Mtima unkagunda ngati injini ya chigayo ndili chikhalire. M'manja munkatuluka thukuta mpaka kunyowetsa pepala. Dzira lija ndinkalimeza movutikira. Nthawi zina mpweya unkandiperewera ngati ndakwera phiri nditasenza mtolo wa nkhuni.

Nditawauza azakhali, anati, "Ndi mantha a mayeso amenewo. Aliyense amatero." Aphunzitsi athu ananenanso zomwezo. Ine ndinakhulupirira, ndipo ndinkawerenga mowirikiza poganiza kuti ndikadziwa zambiri manthawo achoka. Sanachoke. Tsiku la masamu, ndili pakati pa pepala, manambala anayamba kusambira m'maso mwanga, chifuwa chinathina, ndipo ndinaganiza kuti ndikufa. Ndinagoneka mutu padesiki mpaka oyang'anira mayeso anandibweretsera madzi. Pepalalo ndinalimaliza, koma mpaka lero sindidziwa kuti ndinalimaliza bwanji.

Titalemba pepala lomaliza, ndinapeza azakhali ataima kunja kwa sukulu, chikwama changa atachilongedza kale.

"Tiye kwanu," anatero.

Ulendo wonse, m'minibasi ndiponso panjinga yamoto potsetsereka kupita kuchigwa, munthu wolongolola uja sanatulutse mawu. Titafika ndinaona phulusa la moto waukulu pabwalo, udzu wa m'mbali mwa nyumba utapondedwa mpaka kugona, ndi mabenchi a kutchalitchi atatsamiritsidwa kukhoma. Bambo anatuluka m'nyumba atameta mpala. Palibe amene anafunika kundiuza kanthu.

Ananditengera kumanda madzulo omwewo. Maluwa a pankhata anali atauma kale. Ndinafunsa funso limodzi lokha, kuti analekeranji kundiuza.

"Ndi amayi ako amene anatero," bambo anayankha. "Anati mwana alembe kaye. Ife tikanatani?"

Pamenepo ndinasowa womukwiyira. Ndinayesa kulira, koma ndinkalira ndekha. Ena onse anali atamaliza, anali atayamba kukamba za kumweta mpunga, pamene ine ndinali ndikuyamba kumene. Ndinachita manyazi ndi kulira kwanga kochedwa, ndipo ndinakumeza.

Zotsatira zitatuluka ndinapezeka kuti ndakhoza, ndipo ndinasankhidwira kusekondale yogonera komweko. Achibale ankauzana ine ndikumva, "Mwaona? Tikanamuuza akanalephera." Mwina ankanena zoona. Koma chinthu chija chinanditsatira mpaka ku Fomu 1. Anzanga akangokhala chete ine ndikulowa m'chipinda, mtima unkayamba kugunda. Mphunzitsi akandiitana ndi mawu okoma, ndinkafuna kuthawa. Kukoma mtima kwa anthu ndi kumene ndinkakuopa kwambiri, chifukwa kwa ine kunkatanthauza kuti pali chimene akundibisira.

Tsiku lina ndinagwa pamzere wa chakudya, ndipo ananditengera kuchipatala chaching'ono chapafupi. Namwino wina wachikulire anandiyeza, kenaka anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nane.

"Mtima wako ulibe vuto, mtsikana iwe," anatero. "Iyi ndi nkhawa. Imagwira thupi ngati malungo, koma siipha. Ikabwera, koka mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mpaka mimba itukuke, ndiye uutulutse ngati ukuziziritsa phala la mwana. Ukatero unene chimene ukuopacho, mokweza, kwa munthu. Usachisunge."

Kupumako ndinakuphunzira msanga, ndipo kunkandithandiza. Kunenako ndi kumene kunandivuta. Kwathu mwana safunsa akulu mafunso otero.

Patchuthi ndinapita kukawathandiza azakhali kukumba kachewere. Tili m'munda, dzuwa litakwera, foni yawo inalira. Anaitulutsa pamfundo ya chitenje, anandifulatira n'kuyenda pang'ono kupita kumalire a munda. Nthawi yomweyo m'makutu mwanga munayamba kulira, khasu linandipulumuka. Ndinaganiza za bambo. Ndinakhala pamzere n'kupuma monga anandiphunzitsira namwino uja, kamodzi, kawiri, mpaka mitengo inasiya kuzungulira. Azakhali atabwerera ndinadzikakamiza kutsegula pakamwa.

"Azakhali, wamwalira ndani?"

"Iii, mwana iwe! Wamwalira ndaninso? Ndi wa lole uja, akufunsa ngati matumba akwana. Ukufuna kutiphera anthu dzuwa likuswa mtengo?"

Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga kuseka kunathera panjira. Anakhala pansi pambali panga. Ndinawauza zonse, za mtima, za pepala la masamu, za kugwa kwanga kusukulu, ndi kuti foni yawo ikalira ine ndimakhala ngati ndafa kale.

Anafikisa dothi m'zala.

"Ine ndinkati ndikukuteteza," anatero. "Ndinkakuyang'ana ukuwerenga, ine m'kati mukuwotcha. Mlamu wanga ndinamulira mobisa ngati ndaba. Kuyambira lero, Enelesi, ukandifunsa ndizikuuza, ngakhale chikhale choipa chotani. Wamva?"

"Ndamva. Ndiye tandiuzani, maliro aja anayenda bwanji?"

Anandiuza. Ananena za diresi yobiriwira imene anawaveka amayi anga, za amayi a mpingo amene anaimba mpaka mawu kutha, za bambo amene analephera kuimirira pamanda mpaka anachita kuwagwira. Ananena kuti amayi sanavutike nthawi yaitali, ndi kuti dzina langa analitchula. Ndinalira mofuula pakati pa mizere ya kachewere, azakhali nawonso akulira, ndipo palibe amene anatonthoza mnzake. Anthu a m'minda yoyandikana anaimika makasu n'kumatiyang'ana. Amenewo ndiwo anali maliro anga a amayi.

Tsopano ndili mu Fomu 4 ndipo mayeso ena akubwera. Nkhawa sinatheretu. Imabwerabe, koma ndimaizindikira ikamayandikira, ndimapuma, kenaka ndimafunsa kapena kuuza mnzanga chimene chandigwira. Nthawi zambiri yankho limakhala laling'ono kuposa zimene mutu wanga unapanga. Sindiwaimba mlandu amene anandibisira, chifukwa anachita zimenezo pondikonda, ndipo woyamba anali mayi anga. Koma ndamvetsa kuti mwana amamva ngakhale zimene sanauzidwe, ndipo akapanda kuuzidwa amazisenza yekha, osadziwa n'komwe chimene wasenzacho. Chisoni ndikanachitha, chifukwa chisoni anthu amakuthandiza kulira. Sukulu ndinaipeza, ndipo ndikuyamika. Koma akanandifunsa ine mwini wake, ndikanasankha kubwereza Sitandade 8, bola ndikaponyeko dothi m'manda a amayi anga.