Ndege inandisiya ndikusewera bawo

Inu owerenga, ndivomere pachiyambi pomwe kuti ndinaphonya mwambo wa mwana wanga womaliza maphunziro chifukwa cha bawo. Palibe anandilodza ndipo palibe anandipusitsa. Ndinakhala pansi ndekha pabwalo la ndege, wotchi ili pamkono, ndege n'kunyamuka ine ndili kalikiliki kutakata.

Ndinagwira ntchito ya njanji zaka zambiri ku Nkaya, m'boma la Balaka. Kudikira sitima ndiye inali ntchito yanga, ndipo ndinkadzitama kuti za nthawi palibe angandiphunzitse. Mwana wathu wamkazi, Tiyamike, atamaliza maphunziro a zamankhwala ku India, alongo ake anatigulira matikiti ine ndi mayi ake kuti tikamuone akuvala gauni. Aka kanali koyamba kuti tikwere ndege. Anatiuza kuti tikatsika ku Nairobi m'mawa, ndipo ndege yachiwiri ikanyamuka 4 koloko madzulo. Mayi akunyumba anadandaula kuti tikatani tsiku lonselo, ine n'kuwaseka kuti munthu wa pa Nkaya saopa kudikira.

Titafika, maola oyamba anayenda bwino. Tinazungulira masitolo onse osagula kanthu, tikungonunkhiza mafuta onunkhira mpaka mphuno kusokonezeka. Masitepe oyenda okha aja tinawakwera kanayi, mayi akunyumba atandigwira malaya, akuitana Mariya Woyera. Kenako tinakhala pazenera n'kumawerenga ndege, tikudya mtedza wokazinga umene tinanyamula kumudzi.

Tili pomwepo ndinamva bambo wina wovala mkanjo wa kanzu akuyankhula Chiyao pafoni. Mtima unagunda ngati ndaona mbale wanga. Atamaliza ndinawapatsa moni, “Ali uli?” Iwo anadumpha n'kundigwira manja onse awiri. Anali Che Amidu, ochita malonda a nsomba zouma kunyanja ya Chiuta, ndipo ankapita kukaona mwana wawo ku Dubai. Tinafunsana za mvula, za msewu wa ku Nsanama, za anthu amene tonse tinkawadziwa. Nkhani itafika pa bawo, iwo anati ku Chiuta konse palibe amawagonjetsa. Ineyo mawu amenewo sindikanangowasiya.

Tinapempha katoni kwa mtsikana wogulitsa khofi, tinajambulapo mabowo ndi cholembera, mtedza wathu uja n'kukhala nkhomo. Tinakhala pansi pakona n'kuyamba. Inu owerenga, chisangalalo cha tsiku lija sindingachinamizire. Anthu a mitundu yosiyanasiyana anatizungulira, ena akujambula, mzungu wina mpaka anagwada kuti timuphunzitse. Ndikawadya Che Amidu anthu ankawomba m'manja osadziwa n'komwe chachitika. Masewero oyamba ndinapambana, achiwiri anapambana iwo, achitatu anapambananso iwo. Apa mutu unatentha.

Mayi akunyumba anabwera n'kundigwira phewa. “Abambo ake a Tiya, wotchi yapakhomayo ikuti 3 koloko yakwana.”

Ndinayang'ana yanga, inkati 2 koloko. Ndinawayankha kuti mawotchi apakhoma ndagwira nawo ntchito moyo wanga wonse, ambiri ndi abodza, yanga siinandinamizepo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti nthawi ya ku Kenya imatsogola ndi ola limodzi. Mwina m'ndege analengeza, koma ine ndinali ndi mantha, ndikungopemphera. Foni nayo ndinaizimitsa ku Malawi konkuno n'kuitsekera m'chikwama.

Patapita kanthawi anabweranso kudzandiuza kuti anthu ayamba kufola pakhomo lokwerera. Ndinati apite akakhale pamzere, ine ndimalize kaye kamodzi aka. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Ndipatseni pasipoti yanga ndi tikiti yanga.” Ndinawapatsa osadzutsa n'komwe mutu.

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero ndi ichi. Pachimkuzamawu anaitana dzina langa katatu, koma mayi wolengezayo ankalipotoza moti linkamveka ngati la Mmwenye. Ine ndinaseka n'kuwauza Che Amidu kuti pali chitsiru china chimene ndege ikufuna kuchisiya. Tinaseka tonse, n'kupitiriza.

Masewero amenewo ndinapambana. Ndinaimirira monyadira, wotchi yanga ikuti 3 koloko yangodutsa kumene, n'kuyenda mwachifatse kupita kukhomo kuja. Ndinapeza mipando yokhayokha, chitseko chotseka. Mtsikana wa yunifomu ataona tikiti yanga anagwira pakamwa n'kuloza pazenera. Ndege inali ikuthamanga kale pamsewu wake. Anandiuza kuti mayi ena achitenje anaima pakhomopo mpaka mphindi yomaliza, akucheuka uku misozi ikutsika, kenako anasiya uthenga wakuti mwana sangavale gauni popanda kholo ngakhale limodzi, n'kulowa.

Mayi amene m'mawa womwewo ankaopa masitepe anali atauluka okha kupita kudziko limene chilankhulo chake sachidziwa, ine katswiri wa nthawi nditatsala ndi katoni m'manja. Nditabwerera kukawauza, Che Amidu anati mlandu ndi wa tonse awiri. Anandiperekeza kuofesi, ndipo kumeneko anandipezera malo pa ndege ya mawa lake. Anandibwereka foni yawo kuti ndimuimbire Tiyamike. Nditamufotokozera, mwanayo anangoti, “Bawo, ababa? Bawo?” Kenako anaseka, koma ine ndine bambo wake, ndinamva kuti kusekako kunali ndi misozi.

Ndinafika ku India mwambo utatha. Mayi ake anali atayenda bwinobwino, ndipo anzake a Tiyamike ankasimba kuti dzina lake litatchulidwa, nthungululu imene inamveka muholomo inadzidzimutsa ndi aphunzitsi omwe. Ine zonsezo ndinangozionera pafoni. Mwana wanga anavalanso gauni ija kuti tijambulitse pakhonde la nyumba yawo yogona, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Chithunzicho tinachipachika pabalaza, ndipo alendo amachiyamikira. Sadziwa kuti tsiku lenilenilo mpando wanga unali wopanda munthu.

Masiku ano nkhaniyi timaiseka. Che Amidu anasanduka bwenzi lapamtima, akamadutsa ndi nsomba amatsika pa Nkaya kudzationa. Mayi akunyumba amawalandira bwino, koma amawauza pakhomo pomwe kuti bawo pakhomo pano iyayi.

Tsono inu owerenga, mukadzapezeka mukudikira ndege maola ambiri, sindikuti mukhale duu ngati chitsa. Yendayendani, chezani ndi anthu, sewerani ngati pali wosewera naye. Koma mukangotsika, funsani nthawi ya dzikolo n'kukonza wotchi yanu. Kaoneni khomo lokwerera n'kukhala pafupi nalo. Mukamva dzina lachilendo likuitanidwa, tcherani khutu musanaseke. Ndipo amene mwayenda naye akakuuzani kawiri kuti nyamukani, nyamukani, ngakhale mukuona kuti mumadziwa kumuposa. Mwezi wathawu Tiyamike anatiuza kuti akufuna kukapitiriza maphunziro ake. Nditamulonjeza kuti ulendo uno ndidzakhala pampando wakutsogolo, anandiyankha kuti wamva, koma matikiti adzasunga ndi amayi.