Liwu Lopanda Mnzake pa Khadi la Wokonza Mawotchi

Azakhali anga anagwira ntchito zaka makumi atatu pashopu yosindikiza makadi. Anawalemba kuti azitaipa, koma makasitomala atatulukira kuti amatha kupeka timavesi ta Chingerezi, ntchito yawo inasanduka imeneyo. Tebulo lawo linali pakona, pakati pa makina odulira mapepala ndi zenera losatseguka.

Mawu otha mofanana ankawagawa mwa njira yawoyawo. "Day" ndi "stay" ankati ndi mapasa. "Home" ndi "alone" ndi apachisuweni, amafanana koma bambo ndi wina. "Love" ndi "move" anangobwerekana zovala, poti kufanana kwawo n'kwa papepala pokha. Ndiye panali ena, monga "orange" ndi "month", amene ankati anabadwa okha.

Tsiku lina kunabwera bambo wokonza mawotchi. Ankafuna khadi la akazi awo lokumbukira zaka makumi awiri ndi zisanu za banja, ndipo mzere woyamba uthe ndi "silver", chifukwa anamva kuti chakacho amachitcha choncho.

"Bambo, liwu limenelo lilibe mnzake," anatero azakhali. "Loyandikirako ndi 'liver'. Mukufuna chiwindi pakhadi la mayi?"

Bambowo sanaseke. Anangoti abweranso Lachinayi. Azakhali anasanthula dikishonale masiku atatu, osaphula kanthu.

Lachinayi litakwana anawafunsa, "Kodi mayiwo Chingerezi amachimva?"

"Ayi."

"Nanga tikuvutikiranji?"

Bambowo anayang'ana pansi. "Alamu anga ndi ophunzira. Chikwatirireni mlongo wawo, amanditenga ngati mbuli. Ndimafuna aone."

"Khadili ndi la alamu kapena la akazi anu? Takhalani apa, mundiuze za mayiwo."

Anayamba mwamanyazi, kenako n'kumasuka. Anafotokoza momwe mayiwo amawatolera tizitsulo ta wotchi tikagwa pansi, ndi momwe anawasambitsira miyezi inayi atathyoka mwendo, osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Azakhali ankangotaipa m'chinenero chathu chomwechi, osasintha liwu.

Sabata yotsatira mayiwo anabwera okha, khadi lili m'manja.

"Mawuwa ndi a abambo akunyumba, ndawazindikira," anatero. "Koma zaka zaperewera chimodzi. Munthu uja amadziwa maola okha."

Azakhali anasindikiza lina pomwepo, mayiwo atakhala pampando n'kumayang'anitsitsa kuti nambala isalakwikenso.

Azakhali anapuma ntchito zala zitayamba kuuma. Pashopupo pano amagulitsapo mafoni.