Masheya a Mayi Kava

Azakhali anga ali ndi masheya ku kampani yopanga mafoni, koma kwa zaka zonse zimene ndikunenazi foni yawo inali ya mabatani, yomangidwa ndi kalabala pakati kuti batire lisagwe. Anthu akamva zimenezi amaseka, inenso ndinasekapo mpaka kutopa. Eni ake sizinkawakhudza. Ankati foni ndi yoyankhulira, ndipo yawoyo inkayankhula bwinobwino.

Mumsewu umene ankagulitsiramo ankadziwika kuti Mayi Kava, chifukwa malonda awo anali makava a mafoni. Kaokala kawo kanali pakhonde la sitolo ya nsapato, kakang'ono moti munthu wachiwiri akalowa, woyambayo ankayenera kupuma mosamala. Munali mpando umodzi, katoni ya machaja, ndi bolodi lalikulu lokhomedwa misomali mizere isanu ndi umodzi. Mzere uliwonse unali wa mtundu wake wa foni. Wapamwamba, umene ankaufikira ataima ndi zala, unali wa mafoni a kansomba. Dzina lenileni la kampaniyo azakhali sankavutika nalo. Ankaitchula ndi kachizindikiro kojambulidwa kumbuyo kwa mafoni ake, ndipo msewu wonse unatengera pomwepo.

Asanakhale Mayi Kava anasoka makolala a malaya mufakitale kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Kolala yokha, osati mkono, osati thumba. Fakitaleyo itatsekedwa anawapatsa ndalama zotsanzikira, ndipo achibale tonse tinakumbuka mwadzidzidzi kuti timawakonda. Bambo anga, amene ndi mlongo wawo, anati agule minibasi. Ena anati nkhuku. Azakhali anamvetsera zonsezo akugwedeza mutu mwaulemu, kenako anatsegula kaokalako ndi gawo lochepa, zotsalazo n'kuzisiya kubanki chaka chathunthu. Chaka chimenecho anangoyang'ana bolodi lawo. Ataona kuti mzere wa kansomba ndi umene ukutha msanga mwezi ndi mwezi, anavala diresi lawo la kutchalitchi, anapita ku ofesi yogulitsa masheya, n'kukauza bambo wa kumeneko kuti akufuna kachigawo ka kampani imeneyo. Bambo anga anakhala miyezi iwiri osawayankhula.

Masheyawo anali ndi ntchito imodzi yokha: kutsitsira pansi mwini wake. Azakhali ankakhala pa nsanjika yachinayi m'nyumba ina yakale yopanda chikepe, masitepe makumi asanu ndi asanu ndi atatu, pamene mawondo awo anathera pa makina osokera. Ankakwera atagwira chitsulo cha m'mbali, akupumula pakona iliyonse ngati akuyang'ana kunja. Chimene ankafuna ndi kanyumba kawokawo ka zipinda ziwiri, kapansi, ka madzi m'kati. Analibe mwamuna, analibe mwana, ndipo sankafuna kuti tsiku lina adzanyamulidwe pamsana ndi ana a eni.

Tsiku lililonse asanatseke ankaima kutsogolo kwa bolodi lija atapinda manja, n'kumayang'ana misomali imene yatsala yopanda kanthu. Sankalemba paliponse. Bolodilo ankalitcha nyuzipepala yawo.

Ine ndimagwira ntchito ku ofesi ya inshuwalansi, ndipo ndikuvomereza kuti ndili ndi matenda a anthu a m'maofesi: chinthu ndikachiwerenga pafoni ndimayesa kuti ndachidziwa. Loweruka lililonse ndinkadutsa pa kaokalako ndi nkhani za akatswiri a zachuma, ndipo azakhali ankandilandira ndi mawu omwewo: “Abwera a Madamu a ku ofesi. Lero dziko likutha nthawi yanji?”

Chaka china panabwera makampani atatu atsopano ndi mafoni otchipa, a makamera anayi kumbuyo, a batire losatha msanga. Mtengo wa masheya a kansomba unayamba kutsika pang'onopang'ono. Akatswiri aja anagawanika pakati. Ena ankati kampaniyo yakalamba, mafoni ake ndi odula popanda chifukwa, achinyamata aithawa, wanzeru agulitsiretu masheya ake. Ena ankati munthu amene wazolowera foni ya kansomba sasintha, ndiye mtengo ukatsika ndi nthawi yoguliramo ena. Onse ankayankhula motsimikiza, onse anali ndi mataye abwino. Ine ndinatsatira oopsezawo, chifukwa mtima wanga ndi wotero.

“Azakhali, gulitsani zisanafike poipa,” ndinatero Loweruka lina. “Anthu amene anaphunzira zimenezi akunena kuti mpikisano wakula. Makampani atsopanowa akudya msika wonse.”

“Anthu akowo anagulitsapo kava ngakhale imodzi?”

“Sagulitsa makava, azakhali. Amayang'ana dziko lonse.”

“Ine ndimayang'ana msewu uno. Dzulo lomweli ndagulitsa za kansomba zisanu ndi ziwiri.”

Pafupi ndi kaokalako panali tebulo la bambo wina wokonza mafoni, amene aliyense ankamutcha Dokotala. Iye ndi azakhali anakhala moyandikana zaka zisanu ndi zinayi, akukangana tsiku ndi tsiku za soketi imodzi ya magetsi imene ankagawana. Dokotala anadzutsa mutu pa foni imene anaing'amba, n'kunena kuti, “Musawavute amayiwa, asisi. Awa ndi eni kampani. Ife timangowona akudutsa ndi foni ya labala.” Azakhali anamuzulira waya wake pa soketi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma patapita miyezi ingapo nyuzipepala ija inasintha nkhani. Mzere wapamwamba unaima. Makava a mafoni akale a kansomba ankayendako apo ndi apo, koma a mtundu watsopano, amene azakhali anaoda ochuluka, anangokhala pa misomali mpaka mapepala ake anayamba kuchita fumbi. Mizere ya mafoni otchipa ndi imene inkatha. Mwezi woyamba anati ndi nyengo. Wachiwiri anasiya kundinyoza ndikafika, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa akatswiri onse aja. Wachitatu ndinawaperekeza kunyumba, ndipo ndinawamva akuwerenga masitepe chapansipansi, chinthu chimene sanachitepo.

Titafika pamwamba anakhala pabedi, anavula nsapato, n'kunena kuti, “Mwana wa mlongo wanga, unali kunena zoona. Bolodi silinandinamizepo. Lolemba upemphe tchuthi, tikagulitse.”

Ndinkayembekezera kuti tsiku limene adzandivomereze ndidzasangalala, koma mtima unangondiwawa. Tonse tinkadziwa kuti pa mtengo wa nthawi imeneyo masheyawo sakanagula kanyumba kaja. Akanagula chipinda chimodzi cha bafa lapanja, mwinanso osakwana. Komabe kudikira kunkaoneka ngati kutaya zonse.

Lolemba m'mawa ndinawapeza atavala diresi la kutchalitchi lomwe lija, mapepala a masheya ali m'jumbo pansi pa mkono. Anaumirira kuti titsegule kaye kaokala kwa theka la ola, poti munthu sayamba sabata ndi chitseko chotseka. Ndinaima panja ndikuyang'ana wotchi, mtima ukupsa.

Ndiye panafika namwino wina, kasitomala wawo wakale, akuchokera kuntchito, atanyamula kabokosi koyera. Anagula foni yatsopano ya kansomba, ndipo ankafuna kuti azakhali amumatire kagalasi kotchinga sikirini. Ntchito imeneyo azakhali ankaigwira bwino kuposa aliyense mumsewumo, osasiya kathovu ka mpweya ngakhale kamodzi.

“Mutengenso kava, anamwino,” anatero akupukuta sikiriniyo. “Za mtundu umenewu ndili nazo zambiri. Ndikuchotserani mtengo.”

“Ayi zikomo, amayi. Kava ili kale m'bokosimu.”

“Mwagula kuti?”

“Sindinagule. Imabwera ndi foni. Anayamba chaka chino, simunamve? Kuwodi kwathu tagula anthu anayi, tonse tapezamo.”

Azakhali anasiya kupukuta. Anapempha bokosilo, anatulutsa kavayo, n'kuitembenuza. Anayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwake monga momwe ankayeserera kolala kufakitale, anaipinda pakona, anaiunika padzuwa. Inali yabwino kuposa zawo zonse, ndipo nkhope yawo inavomereza zimenezo pakamwa pasanatseguke.

“Dokotala,” anaitana osatembenuka, “iwe mafoni atsopano a kansomba umawaona?”

“Tsiku ndi tsiku. Anthu amawagwetsa ngati ena onse.”

“Nanga za makavazi bwanji sunanditsine khutu?”

“Ine ntchito yanga ndi kuvula kava n'kuiika pambali, mayi. Sindiifunsa kwawo.”

Kenako anayang'ana ine. Ndinali nditawerenga masamba ndi masamba a za mpikisano, za makamera, za phindu la pachaka, koma palibe katswiri ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti kapulasitiki ka m'bokosi n'koyenera kukalemba.

Azakhali anakhala pampando wawo, diresi la kutchalitchi lili chomwecho, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anapukuta maso ndi kansalu kopukutira masikirini. “Ndiye kuti amene akundilanda makasitomala ndi anthu anga omwe,” anatero. “Miyezi itatu ndikulira kuti kampani yafa, pamene kampani ili kalikiliki kupha ine.” Anamaliza kumata kagalasi kaja mosathamanga, namwino analipira n'kupita, ndipo jumbo la mapepala linalowa m'katoni ya machaja.

“Sitikupitanso?” ndinafunsa.

“Lero ayi.”

Tchuthi changa chinali chitapita pachabe, ndiye ndinalankhula mokalipa pang'ono. “Azakhali, namwino mmodzi si msika. Mafoni otchipa aja sanathe, akadalipo, ndipo akugulidwa.”

“Ukunena zoona. Bolodi limodzinso si msika, ndaphunzira lero. Koma sindingagulitse chifukwa cha fumbi limene sindinalimvetse. Ndiyambe ndaona bwino.”

Kuyambira tsiku limenelo anasintha nyuzipepala. Anatulutsa mpando panja, n'kumakhala moyang'ana pamalo okwerera basi, pomwe anthu amaima atagwira mafoni m'manja. Kava ya m'bokosi ija inali ndi kamzere kotuwa m'mbali, ndipo diso la munthu wosoka linkaizindikira ngakhale kutsidya la msewu. Ankafunsanso makasitomala mafunso amene ine ndikanachita nawo manyazi: munagula liti, yakale munaisiyiranji, mukadzagulanso mudzagula yomweyi? Anapeza kuti otchipa aja atengadi ana a sukulu ndi anthu ogula foni koyamba, koma amene anali kale ndi kansomba ambiri akubwerera komweko. Anandiuza kuti akatswiri anga a mbali zonse ziwiri ankanena zoona, kungoti aliyense anaima mbali yake ya msewu.

Sindinganame kuti zinthu zinasintha mawa lake. Mtengo unatsikanso, ine ndinachepa thupi, azakhali ananenepa. Unakwera, unagwa, unakweranso mwaulesi. Pa kaokala zinthu zinkachepa ndithu, chifukwa makampani ena aja anayambanso kuika makava m'mabokosi, ndipo azakhali anatsala ndi machaja ndi timagalasi. Sanadandaule kwambiri. Ankati ndi bwino kuti akugonja kwa anthu odziwa ntchito.

Patatha chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri, bambo wa ku ofesi ya masheya anawaimbira pa foni ya labala ija, ndipo atamva mtengo anati wakwana. Ndinawauza kuti akatswiri ena akuti ukwerabe. Anandiyankha kuti akatswiriwo ali ndi mawondo abwino. Anagulitsa gawo lalikulu, n'kusiyako ochepa, akuti kuti tizikhala ndi chokanganirana Loweruka. Kaokala anasiyira Dokotala pamodzi ndi soketi yonse, ndipo bamboyo anaoneka wosowa chochita ndi mtendere wochuluka choncho.

Tsiku losamuka, ine ndi bambo anga tinatsitsa katundu masitepe onse aja maulendo osawerengeka. Bambo sanatchule minibasi ngakhale kamodzi. Chomaliza kutsika chinali thumba la makava a mzere wapamwamba, amene mpaka lero wachibale aliyense amapatsidwa, kaya akukwana foni yake kaya ayi. Azakhali anatsika pambuyo pa tonse, pang'onopang'ono, atagwira chitsulo, osawerenga.

Kanyumbako ndi kakang'ono, khitchini yake munthu sangatembenukiremo ndi poto m'manja, koma ndi kawo. Titalowetsa katundu anatulutsa m'chikwama kabokosi koyera. Anali atagula foni ya kansomba, yoyamba m'moyo wawo. Ndinawafunsa kuti aiveka kava iti, poti ali ndi thumba lathunthu. Anatenga ya m'bokosi ija, n'kunena kuti nayonso ndi yawo.

Kenako ndinawaona akupita kukhomo. Pakhomopo pali sitepe imodzi yokha, yaifupi. Anatuluka, anaima pabwalo pang'ono, analowa. Ndinayesa kuti aiwala kanthu, koma anatulukanso manja ali lende, n'kulowanso. Kachitatu bambo anga anafuna kufunsa, ine ndinawagwira mkono, ndipo tinangokhala pa makatoni n'kumawayang'ana.