Mbuzi Zisanu ndi Ziwiri za Ba Anti ku Matero

Ntchito yanga yoyamba ya makompyuta ndinaipeza ku Kalingalinga, m'kachipinda ka kuseri kwa saluni. Kanali kakang'ono moti wina akafuna kuyetsemula, enafe tinkayamba tatuluka panja. Sindikuwonjezera ayi. Abwana, bambo wa ku Kopala wosaseka wamba, anandilemba miyezi itatu yondiyesa. Anati ikatha adzaona ngati ndikhale kapena ndibwerere kukagulitsa makava a foni pamsika wa Matero.

Tinkapanga pulogalamu yotumizira katundu. Munthu alemba pafoni, wanjinga yamoto alandira uthenga, apita kukatenga. Pakati pa foni ndi seva, kompyuta yaikulu yolandira mauthengawo, pali khomo lotchedwa API, ndipo ine ntchito yanga inali kugogoda pakhomopo. Ndinalemba mayeso odziyendetsa okha: kompyuta itumiza pempho, seva iyankha, kompyuta iona ngati yankho lili bwino. Zonsezi zinkachitikira pa seva yoyeserera, kumene kulibe wanjinga weniweni.

Ba sisi a ku Chilenje, amene ankapanga mbali ya pafoni, ankandifunsa tsiku ndi tsiku kalembedwe ka pempho lakuti ndi lakuti. Ndinawalembera pamanja mpaka chala changa chinafupika, ndipo mpaka pano n'chachifupi, bwerani mudzaone. Kenako nzeru zinabwera. Mayeso angawa amatumiza kale mapempho onsewa, nanga bwanji osawauza kuti aziwasunga? Ndinawonjezera mizere ingapo kuti pempho lililonse likamatuluka lizikoperedwa m'fayilo imodzi, mtolo woti aliyense atsegule n'kungodina batani. Pa adiresi ya seva ndinasiya mpata, kuti munthu aziikapo imene akufuna. Ba sisi anandigulira vitumbuwa viwiri, ndipo ndinayenda ofesi yonse, masitepe atatu, ndikulengeza kuti mtolo wanga umagwira paliponse.

Chimene sindinaganizire ndi zimene zinali m'kati mwa mapemphowo. Kwathu nyumba sitiipeza ndi nambala, timalondolerana. Ndiye polemba mayeso ndinaikamo njira imene ndinkaidziwa bwino, ya kwa ba anti amene anandilera: Matero, mupitirire bala yachiwiri, mukhote pampope, geti ya malata, mufunse amayi a munkoyo. Amayiwo ndi ba antiwo, ndipo munkoyo ndi thobwa la kwathu kuno. Pa katundu ndinkalemba mbuzi, poti palibe amene akanawerenga. Mbuzi yakuda, mbuzi yaukali, mbuzi yapakati, mpaka ina yolemera ngati minibasi, kuti ndione ngati seva iikana. Ba anti chibadwire sanawetepo ngakhale nkhuku.

M'mawa wina, miyezi yanga itatsala sabata, abwana anafuna kudzionera okha ntchito yanga. Anamva kuti imagwira paliponse, ndiye pampata paja anaikapo adiresi ya seva yeniyeni, n'kudina batani loyendetsa zonse. Mizere yonse inabiriwira, kusonyeza kuti mayeso onse ayenda bwino. Anagwedeza mutu, ine ndinayamba kale kusankha suti ya ukwati wanga, ngakhale mkazi ndinalibe.

Tiyi asanazizire foni yanga inalira, anali ba anti.

"Iwe, pali vinjinga seveni pa geti panga, ati bafuna mbuzi. Ni mbuzi ya ndani?"

Abwana anamva zonse, pakuti ba anti safunikira foni kuti amveke ku Kalingalinga. Ine ndi abwana tinakwera minibasi awiri kupita ku Matero, ine ndikukumbukira mitengo ya makava a foni.

Tinapeza anyamata a njinga atakhala pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi kapu ya munkoyo. Mmodzi anabwera ndi chingwe. Wina, wa mbuzi yaukali, anali atavala chisoti chake osavula ngakhale pomwa. Aneba anadzaza kumpanda, ndipo nkhani inali itafika kale kumsika yakuti ba anti amaweta mbuzi kuchipinda chogona. Ba anti osakana, ankangoti nkhani za m'banja sizikambidwa pagulu.

Abwana anafunsa anyamatawo mmodzimmodzi ngati anasochera kapena kuimbira wina kufunsa njira. Onse anati anafika molunjika. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti mapempho a mbuzi analipo angati. Ndinati asanu ndi atatu. Anawerenga njinga ndi chala, n'kufunsa kuti yotsalayo ili kuti. Ndinati ndi yolemera ngati minibasi, seva inaikana monga inayenera.

Ba anti anapatsira abwana kapu m'manja osawafunsa. Anamwa pang'ono, mapewa anayamba kugwedezeka, kenako anaseka mpaka kukhala pa ndowa yovundikira. Ine ndinaona ndi maso angawa mano awo a kumbuyo, ndipo alipo onse. Atatha kuseka anandiitana kuti mwaiche, ndiye kuti mwana m'chilankhulo cha kwawo.

"Mwaiche, pa Mande ubwele, tisaine mapepala. Koma ija fayilo izifunsa kawili ikaona seva ya zoona."

Ndinavomera. Ba anti anati popeza mwana wawo walembedwa ntchito pakhomo pawo, palibe wochoka asanadye, ndipo anatuma wa chingwe uja kukagula kabichi.