Chitseko chosapaka penti

Amake Tisa, lelo chatha chaka chichokeleni inu. Tisa wabwela ndi chitini cha penti kuchokela ku Petauke, akuti atsilize kupaka kabati ija. Ndamukalipila, mwana wosalakwa.

Mukumbuka? Ndinaikhoma ndekha ndi matabwa otsala pakhola, inatuluka yopendekeka, inu n'kumandiseka kuti mbale zizigubuduka zokha. Munaipaka penti wabuluu ndi kansanza chifukwa bulashi tinalibe. Penti anatha, chitseko chimodzi n'kutsala. Munati, "Atate ake Tisa, tidzatsiliza tikagulitsa nshawa." Nshawazo ndinakagulitsa ndekha. Chala chanu chinadinda penti pachitsekopo, ndipo m'mawa uliwonse potenga kapu ndimaikapo changa. Ndiye wina abwele adzafafanize? Ayi, mkazi wanga, chikhale choncho mpaka ndikupezeni.