Ulimbo pa Muwale

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwathu cha ku Nsaru, masiku aja a chitaganya. Kuseri kwa chigafa cha fodya cha abambo kunali mtengo wa muwale. Nyengo yadzuwa, tchire litapsa, dziko lili gwaa, muwalewo unkachita maluwa ofiira popanda tsamba ndi limodzi lomwe. Ndiye kunkabwera timbalame tating'ono ta milomo yaitali yokhota, tonyezimira pakhosi, kudzayamwa maluwawo. Timbalameto sitinkakhalitsa. Maluwa akayoyoka, basi, mpaka chaka chamawa.

Ndikachoka kuchitsime ndinkatula mtsuko pansi pa mtengowo n'kukhala phee, maso m'mwamba. Sindinauzeko munthu.

Kupusa kwanga kunali kuonetsa msuweni wanga Yohane, mwana wa amalume, amene anabwera kudzacheza. Anali mnyamata wamkulu ndithu, ndevu zitayamba kumera.

"Asuweni, musasokose, tingathawe," ndinamunong'oneza.

"Takongoladi, eti," anatero iye.

M'mawa mwake ndinapeza nthambi zili ulimbo wokhawokha. Timbalame tina tinali kukupiza mapiko titakanirira, tina titafa kale. Yohane anali pambali akusonkha moto, akuseka. Kambalame koti ukakasosola sikaposa chala chamanthu, munthu n'kukaphera ndiwo? Sinali njala imeneyo ayi. Ankafuna kuona nkhope yanga.

Ndinathamangira kwa amayi misozi ili chuchuchu. Iwo anali pabwalo ndi azimayi anzawo akusenda mtedza, ndipo sanadzuke n'komwe.

"Iwe, n'chisuweni chimenecho. Msuweni sakwiyirana naye. Ukudziwa bwanji, mwina ndiye mwamuna wako ameneyo."

Azimayi onse pabwalopo anafa nalo phwete. Ine ndinabwerera kuchigafa, ndinatola chibuma n'kumugenda Yohane pamphumi mpaka magazi. Amene anakwapulidwa tsikulo ndine. Kenako anandigwaditsa pamaso pake kuti ndipepese, iye akubwira timbalame tanga, mafuta ali pamlomo. Za ulimbo palibe anafunsa.

Ndakalamba tsopano, Yohane anatisiya kalekale, koma ndikaganiza za tsiku limenelo mtima umawawabe ngati dzulo. Chibumacho ndinalakwa, sindikana. Chimene ndinadzamvetsa pambuyo pake n'chakuti wamkulu akapweteka mwana uku akuseka, anthu amafulumira kuti n'zocheza, ndipo wolira uja ndiye amasanduka wolakwa. N'chifukwa chake mwana akabwera kwa ine akulira, sindiyamba ndi kufunsa kuti wamuputayo ndi ndani wake. Ndimayamba ndamufunsa chimene amuwonongera.